Aphunzitseni kuwakayikira makina oyeza, osati kungowalamula

Mlimi aliyense amene adagulitsapo soya kapena chimanga kwa mavenda amadziwa kuti mkangano weniweni sukhala pa mtengo wa kilo. Umakhala pa sikelo. Thumba lomwe kunyumba limalemera makilogalamu 50 likafika pa sikelo ya venda limapezeka lili 46, ndipo ukati utsutse amakulozera muvi: taonani nokha bambo, sikelo sinama. Koma sikelo imanama. Imanama sipuling'i ikatopa, imanama ikakhala popendekeka, imanama wina akaiseweretsa. N'chifukwa chake a Malawi Bureau of Standards amayendera masikelo ndi mapampu a mafuta. Choyezera nachonso chimafuna wochiyeza.

Ndayambira pa sikelo chifukwa nkhani yanga lero, ngakhale ikuchitikira kutali, m'mafakitale a ku Penang ku Malaysia, Kaohsiung ku Taiwan ndi Baguio ku Philippines, tsinde lake ndi lomweli. M'foni yanu, m'mita ya magetsi yolowetsa mayunitsi, m'kabokosi kowongolera sola ya padenga, muli tizidutswa ta silikoni totchedwa machip. Chip isanatuluke m'fakitale imadutsa pa makina oyeza okha, omwe eni ntchitoyo amawatchula mwachidule kuti ATE. Makinawo amaipatsa magetsi, amaitumizira zizindikiro mamiliyoni pa sekondi imodzi, amamvetsera mayankho ake, kenako n'kugamula kuti iyi ipite kwa wogula, iyi itayidwe. Koma makinawo paokha sadziwa kanthu. Pali munthu amene adakhala pansi n'kulemba pulogalamu yowauza choti ayeze, nthawi yoti adikire asanawerenge, ndi malire olekanitsa chabwino ndi choipa. Munthu ameneyu ndiye amatumizidwa ku makosi omwe ndikufuna kuwadzudzula.

Dandaulo langa ndi lakuti makosi ambiri ophunzitsa kulemba mapulogalamu a makina oyezawa amatulutsa anthu odziwa kuwalamula makina koma osadziwa kuwakayikira. Ndipo pa ntchito imeneyi, munthu wokhulupirira choyezera chake ndi mtima wonse amawononga zambiri kuposa amene sadziwa n'komwe poyatsira.

Kuti mumvetse chifukwa chake makosiwa ali chonchi, onani kaye amene amawakonza. Msika wa makina oyeza machip uli kwambiri m'manja mwa makampani awiri. Teradyne idayamba mu 1960 ku Boston, ku America, oiyambitsa ali Alex d'Arbeloff ndi Nick DeWolf, ndipo mu 1966 idatulutsa J259, makina oyamba oyeza machip molamulidwa ndi kompyuta. Advantest ya ku Japan idayamba mu 1954 ikutchedwa Takeda Riken, ndipo mu 2011 idagula kampani ya Verigy pamodzi ndi makina ake otchuka a V93000. Aliyense mwa awiriwa ali ndi chinenero chake. Pa makina ambiri a Teradyne munthu amalemba kudzera mu IG-XL, yomwe idamangidwa pamwamba pa Excel ndi Visual Basic. Pa V93000 pali SmarTest, yomwe mtundu wake watsopano umagwiritsa ntchito Java. Kwa oyeza mabodi, timatabwa tomwe machip amamatidwapo, ndi zipangizo zathunthu kuli National Instruments ya ku Austin, ku America, yomwe idayamba mu 1976, idatulutsa LabVIEW, chinenero cholembera mapulogalamu pogwiritsa ntchito zithunzi, mu 1986, ndipo mu 2023 idagulidwa ndi Emerson. Iyonso ili ndi pulogalamu yosanjira mayeso yotchedwa TestStand, makosi ake ndi masatifiketi ake.

Wogulitsa khasu amakuphunzitsa kagwiridwe ka khasu lake. Palibe cholakwa pamenepo. Kosi ya kampani yotere imakhala ya masiku ochepa, nthawi zambiri osapitirira sabata. Umaphunzira kulemba mndandanda wa miyendo ya chip ndi waya wa makina womwe mwendo uliwonse walumikizidwako, kuika mlingo wa magetsi, kukonza nthawi ya zizindikiro, kusanja mayeso motsatizana, ndi kugawa machip m'magulu monga momwe alimi amagiredera fodya asanamange belo. Tsiku lomaliza umajambulitsa chithunzi utanyamula satifiketi. Ndipo popeza makina enieni amatha kudutsa madola miliyoni imodzi, ndipo amene ali kufakitale sangaimitsidwe chifukwa cha ophunzira, mbali yaikulu ya maphunziro imachitikira pa kompyuta yongoyerekeza makinawo. Apa ndi pamene pali bala. Makina ongoyerekeza alibe fumbi. Alibe singano yopindika, alibe waya wotentha, alibe soketi, pomwe chip imakhala poyezedwa, yomwe yalandira machip masauzande ambiri mpaka kutha mphamvu. Pa kompyuta yoyerekeza, chip ikalephera ndiye kuti chip ndi yoipa. Kufakitale sizitero.

Tengani muyeso woyambirira m'pulogalamu iliyonse, woona ngati miyendo yonse ya chip yakhudzana ndi makina. Mkati mwa chip, pafupifupi pa mwendo uliwonse, muli kadayodi kakang'ono koteteza ku magetsi odzidzimutsa. Makina amakankhira magetsi ochepetsetsa, mwina ma microamp 100, n'kuyeza zomwe zabwerera. Akaona pafupifupi 0.6 kapena 0.7 volt, njira ili bwino. Akaona ziro, pali pomwe pagundana. Akaona nambala yaikulu, njira yaduka. Kosi iliyonse imaphunzitsa zimenezi, ndipo wophunzira wanzeru amazilemba m'mphindi khumi. Koma funso lomwe limadyetsa kapena kusaukitsa fakitale ndi lina: yaduka pati? Mkati mwa chip, kapena pa singano ya soketi yomwe yachita litsiro? Makina amangolemba kuti yalephera. Sanena kuti wolakwa ndani. Ngati machip oyezedwa pa soketi yachitatu ndi okhawo amene akulephera pomwe a pa masoketi ena akudutsa, munthu woganiza amathamangira kukayang'ana soketiyo. Amene adangophunzira mabatani amataya katundu wabwino tsiku lonse ali ndi mtima woyera.

Kenako pali nkhani ya malire, yomwe kwa ine ndiyo mtima wa ntchito yonseyi. Tiyerekeze kuti pepala lolonjeza kwa wogula likuti mwendo wakutiwakuti uzitulutsa pakati pa 1.75 ndi 1.85 volt. Wophunzira watsopano amalemba manambala awiriwo m'pulogalamu monga momwe alili. Koma choyezera chili ndi kulakwa kwake. Ngati chimatha kuphonya ndi 0.01 volt uku kapena uku, chip yomwe yawerengedwa 1.85 itha kukhala ili pa 1.86, ndipo wogula wanamizidwa. Choncho malire a m'pulogalamu amayenera kulowa mkati pang'ono, tinene 1.76 ndi 1.84, kusiya kampata kotetezera. Ukapanikiza malirewo kwambiri, ukutaya machip abwino ndipo fakitale ikuluza. Ukawamasula, zoipa zikudutsa. Palibe batani lomwe limasankha zimenezi. Pamafunika munthu amene watenga machip omwewo n'kuwayeza kambirimbiri, pa makina awa ndi awo, m'mawa kukuzizira ndi masana makina atatentha, mpaka adziwe kuti pa kusiyana komwe akukuona, gawo la chip ndi liti ndipo gawo la choyezera ndi liti. M'makampani opanga zipangizo za galimoto muli lamulo lodziwika bwino loti kusinthasintha kwa choyezera kukakhala kochepera magawo 10 pa 100 n'kovomerezeka, ndipo kukadutsa magawo 30 choyezeracho n'chosadalirika. Ndi angati mwa onyamula satifiketi ya sabata imodzi amene adachitapo kafukufuku wotere ndi manja awo?

Pamwamba pa zimenezi pali bwana amene akufuna nthawi ichepe, ndipo sakulakwa. Ukadula sekondi imodzi pa chip iliyonse, pa machip miliyoni imodzi wapulumutsa maola pafupifupi 278, masiku oposa 11 a makina odulawo. Malo osavuta kudula ndi nthawi yodikira kuti magetsi akhazikike usanawerenge. Aliyense amene adayezapo mwana pa sikelo ya kuchipatala amadziwa kuti suwerenga muvi ukadagwedezeka. Injiniya wosaphunzitsidwa bwino amadula nthawi yodikirayo, manambala amaonekabe abwino pa machip khumi omwe wayeserapo, amayamikiridwa pamsonkhano, ndipo vuto limadzatulukira patapita miyezi, katundu ali kale m'sitima.

Zimenezi sindikuzinena zongowerenga. Ndidakhalapo miyezi ingapo pa benchi yoyezera mabodi a zamagetsi pa fakitale ina kunja kuno. Bodi limagonekedwa pa bedi la tisingano tambirimbiri, kasingano kalikonse n'kukhudza malo ake. Tsiku lina m'mawa mabodi adayamba kulephera pa muyeso umodzi, motsatizana. Mnyamata amene anali pa shifiti anali wakhama, wanzeru, ndipo anali atangobwera kumene ku kosi. Pulogalamu ankaidziwa ngati dzanja lake. Ataona kuti mzere waima ndipo kapitawo akumuyang'ana, adatsegula pulogalamu n'kufutukula malire pang'ono mpaka mabodi adayambanso kudutsa. Sadabise, adalemba m'buku, chifukwa kwa iye limeneli linali yankho. Madzulo adabwera mayi wina wachikulire amene adakhala pa mzerewo zaka zambiri. Sadakhudze kompyuta. Adatenga bodi losungidwa, lodziwika kuti ndi labwino, adaliyeza, ndipo nalonso lidaonetsa nambala yopotoka. Adatukula chivindikiro, adayang'ana ndi galasi lokulitsira, napeza kasingano kamodzi kataundana ndi zotsalira za mankhwala owotcherera. Adakasintha, nabwezera malire akale. Mabodi onse a tsikulo adayenera kuyezedwanso, ndipo ena mwa omwe adadutsa pa malire ofutukulidwa aja anali oipadi. Mnyamata uja adandimvetsa chisoni, chifukwa palibe chomwe adaphunzitsidwa chomwe adachiphwanya. Kosi yake idamuphunzitsa kusintha malire. Sidamuphunzitse kuti malire sasinthidwa chifukwa choti mzere waima.

Ndikudziwa zomwe okonza makosi angandiyankhe, ndipo yankho lawo lili ndi mphamvu. Anganene kuti iwo ntchito yawo ndi kuphunzitsa makina awo, ndipo za sayansi ya miyeso munthu abwere nazo kuchokera kuyunivesite. Zikumveka. Vuto ndi lakuti kuyunivesite ulemu umapita kwa wopanga chip, osati woiyeza. Wophunzira amatha zaka zinayi akuphunzira kulinganiza madera a magetsi, ndipo za kuyeza amazikhudza mothamanga. Yunivesite ikudalira kampani, kampani ikudalira yunivesite, ndipo mwana wolera anthu ambiri wagona ndi njala, aliyense poganiza kuti mnzake wamudyetsa.

Angatinso nzeru zotere sizichokera m'kalasi, zimabwera ndi zaka. Apa ndikuvomereza theka. Inde, mayi uja sadaphunzire za kasingano kaja pa bolodi. Koma kodi tidikire zaka khumi ndi mabodi masauzande otayika kuti munthu aliyense azipeze yekha? Madokotala amaphunzitsidwa kuti zotsatira za kulabu zitha kunama asanaone wodwala woyamba. Oyendetsa ndege amaikidwa dala m'makina oyerekeza momwe chida china chikuonetsa zabodza, kuti aphunzire kuchizindikira. Kukayika kumaphunzitsika ngati mphunzitsi wakuikira msampha dala. Komanso mafakitale atsopano akumangidwa msanga kuposa momwe amayi achikulire otere angapezekere.

Kunena zoona, pali makosi omwe ali ndi mbali yabwino. Mayeso opezera satifiketi ya CLD, ya olemba mapulogalamu a LabVIEW, si osankha yankho pa mayankho anayi. Amakupatsa maola anayi kuti umange pulogalamu yogwira ntchito. Ndimawalemekeza chifukwa cha chimenecho. Komabe chomwe amayeza ndi luso lomanga pulogalamu yaukhondo, yosavuta kuwerenga ndi kukonza. Pulogalamu itha kukhala yaukhondo kwambiri n'kumayeza chinthu cholakwika.

Palinso mbali ina yomwe imandiwawa, ya wantchito mwiniwake. Munthu akangodziwa chinenero cha makina a kampani imodzi, moyo wake wamangiriridwa pa makinawo. Fakitale ikasintha n'kugula a kampani ina, iye amayambira pansi. Pomwe wodziwa chifukwa chake poyeza chinthu chomwe chimakaniza magetsi pang'ono kwambiri timagwiritsa mawaya anayi osati awiri, awiri okankha magetsi ndi awiri owerenga, amanyamula nzeru imeneyo kulikonse, kaya makinawo ndi a Teradyne, Advantest kapena Keysight. Mabatani amasintha zaka zingapo zilizonse. Ndipo tsopano kwabwera mapulogalamu a nzeru zopanga omwe amatha kukulembera mizere ya pulogalamu m'kanthawi kochepa. Gawo la ntchito lomwe kosi ya sabata imodzi imaphunzitsa ndi lomwe likutsika mtengo mofulumira. Gawo lomwe imasiya, lotukula chivindikiro n'kuyang'ana kasingano, ndi lomwe silinapeze wolowa m'malo.

Ndiye aphunzitse ndani? Kwa ine Penang idaonetsa njira kalekale. Mu 1972, nduna yaikulu ya chigawocho ili Lim Chong Eu, kudatsegulidwa dera la mafakitale ku Bayan Lepas, ndipo Intel, Hewlett-Packard, AMD, Bosch ndi ena adabwera. Patapita zaka, makampaniwo adayamba kusowa amisiri n'kumalandana omwe analipo. Mu 1989 kudakhazikitsidwa Penang Skills Development Centre, malo ophunzitsira osapanga phindu, omwe boma la chigawo lidathandiza koma otsogolera ali makampani eni ake. Opikisana pamsika adakhala pa tebulo limodzi kugwirizana zoti amisiri aphunzire. Ubwino wa dongosolo lotere ndi wakuti amene akusankha zophunzitsa si wogulitsa makina, koma wogwiritsa ntchito makinawo, amene amamva kuwawa katundu akabwezedwa. Mwina n'chifukwa chake lero Penang ili ndi makampani akeake opanga makina oyeza ndi oyendera katundu, monga ViTrox, Pentamaster ndi Aemulus. Anthu amene ankangoyendetsa makina a eni ake adafika pomvetsa mkati mwake mpaka kupanga awo.

Koma ngakhale ku Malaysia komweko chiyeso chilipo. Dzikolo limagwira pafupifupi magawo 13 pa 100 a ntchito yokuta ndi kuyeza machip padziko lonse, ndipo mu 2024 nduna yaikulu Anwar Ibrahim idalengeza ndondomeko yofuna kuphunzitsa mainjiniya 60,000. Cholinga n'chabwino. Chomwe ndikuopa n'chakuti nambala ikakula chonchi, chosavuta kuwerenga ndi masatifiketi. Woyang'anira ndalama za maphunziro amafuna kuona kuti anthu angati amaliza, ndipo kosi ya masiku asanu imadzaza kaundula msanga kuposa miyezi itatu pa benchi. Zomwezi zingachitike ku India, ku Vietnam ndi ku Arizona, komwe mafakitale atsopano akufuna anthu ambiri pa nthawi imodzi.

Wina angafunse kuti chip imodzi yoipa pakati pa mamiliyoni ikupha ndani. M'ntchito imeneyi zoipa zodutsa amaziwerenga pa miliyoni. Zoipa 100 pa miliyoni zimamveka zochepa, koma pa machip 10 miliyoni ndi machip 1,000 oipa, ndipo galimoto yamakono imanyamula machip mazana ambiri, ena olamulira mabuleki. N'chifukwa chake machip ambiri a galimoto amayenera kupirira kuyambira madigiri 40 kunsi kwa ziro mpaka 125. N'chifukwa chakenso opanga za galimoto ali ndi njira yotaya ngakhale chip yomwe yadutsa malire onse, ngati manambala ake akusiyana kwambiri ndi anzake a gulu lomwelo. Woweta nkhuku amaidziwa nzeru imeneyi: nkhuku yomwe yaima payokha, ngakhale ikudya, umaiyang'anitsitsa. Ndipo mu 2021 mainjiniya a Google ndi a Facebook, aliyense payekha, adaulula kuti m'makompyuta awo akuluakulu muli machip ochepa omwe adadutsa mayeso a kufakitale koma nthawi zina amawerengetsera molakwa mwakachetechete, osapereka chizindikiro chilichonse. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Machip amenewo adadutsa pa pulogalamu yomwe munthu wina adalemba, ndipo pulogalamuyo idati ali bwino.

Kwathu kuno tilibe fakitale ya machip, ndipo sindikuti timange mawa. Koma ndikuona achinyamata a ku MUBAS, ku MUST ndi m'makoleji aluso akusakasaka makosi a pa intaneti a LabVIEW ndi Python, ena akuyang'ana ntchito ku Johannesburg kapena ku Britain, akulipira ndi ndalama zomwe makolo adavutikira. Kwa iwowa ndikuti, musanalipire funsani funso limodzi: kodi m'kosi imeneyi muli tsiku lomwe choyezera chidzandinamiza? Ngati mulibe, mukugula theka. Ndipo kwa aphunzitsi athu, chosangalatsa n'chakuti theka losowalo ndi lotsika mtengo. Silifuna makina a madola miliyoni. Zida zambiri za mulabu zimamva malamulo a SCPI, mawu olamulira zida zoyezera kudzera pa kompyuta, omwe alipo kuyambira 1990, ndipo Python, chinenero cholembera mapulogalamu, ndi yaulere. Ngakhale popanda zimenezo, mamita awiri a m'manja, maresista (tizipangizo tokaniza magetsi) khumi ndi mawaya otha n'zokwanira kuti kalasi yonse ione nambala ikusintha pomwe chinthu choyezedwa sichinasinthe, n'kuyamba kukangana kuti wonama ndani.

Ndikadapatsidwa mphamvu pa kosi iliyonse yotere, kaya ku Bayan Lepas kaya ku Austin, ndikadasintha tsiku lomaliza. Wophunzira apatsidwe mabodi khumi ndi benchi yeniyeni. Atatu mwa mabodiwo akhale oipa, limodzi mwa iwo loipa pang'ono chabe, lokhala m'mphepete mwenimweni mwa malire. Usiku mphunzitsi apinde kasingano kamodzi ndipo aike choyezera chomwe chapotoka pang'ono, osauza aliyense. Pakhalenso munthu woyenda kumbuyo kwa wophunzirayo, womukumbutsa mphindi khumi zilizonse kuti lole ikudikira panja. Amene adzabwere masana n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mabodi awa atatu ndi oipa, koma lachisanu ndi chiwiri lili bwino, vuto ndi kasingano ka nambala 12, ndipo mita iyi sindikuikhulupirira mpaka tiiyerekeze ndi ina," ameneyo asainiridwe satifiketi. Amene wafutukula malire kuti onse khumi adutse abwerenso Lolemba.